ZA ALIMI: Oilo wa Galimoto ya Dizilo

Mlungu wathawu ndinakulonjezani kuti lero tidzakamba za nkhokwe ndi anankafumbwe, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira. Ndaona cinthu cina pa ulendo cimene sindingathe kucisunga mumtima.

Ndinapita ku mudzi wina kukaona mtedza wa alimi a kalabu. Pofika pa khomo la bambo ena amene ndimawadziwa bwino, ndinapeza galimoto yao ya dizilo iri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira m'kati. Galimoto imeneyi anaigula ndi ndarama za fodya wa zaka ziwiri, ndipo mudzi wonse unali kuidalira. Ndiyo inali kunyamula matumba kunka nao ku msika, ndiyonso inali kuthamanga ndi odwala ku cipatala usiku.

Ndinati, "Bambo, kodi yatani?" Iwo anati, "Alangizi, injini yanoka. Mphwanga amene amaiyendetsa sanaimane oilo ngakhale tsiku limodzi, koma onani." Nditafunsa kumene mphwaoyo anali kugula oilo, anandionetsa mabotolo opanda dzina. Anali kugula kwa munthu wina wa m'mbali mwa mseu amene amatunga m'mgolo, cifukwa ngwochipa. Kwa caka cathunthu anali kungoonjezera, osakhetsa wakale, osasintha sefa. Amakaniki atatsegula injini anapeza phala lakuda lolimba litatseka tinjira ta oilo, maringi atamatirira, mabelingi atapsa. Bambowo anandiyang'ana nati, "Nanga oilo si oilo basi? Onse si oterera?"

Iai, abale anga, sali amodzi. Mapira ndi cimanga zonse nzakudya, koma simungabzale cimodzi nkuyembekeza kukolola cinzace.

Injini ya dizilo inapangidwa ndi Rudolf Diesel wa ku Germany, ndipo inayamba kuyenda bwino m'caka ca 1897. Iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Iyo imapanikiza mpweya kolimba, kufikira mpweya umene unadzaza malo 16 kapena 20 utapanikizika m'malo amodzi okha. Pamenepo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akangowazidwamo amayaka yekha. Injini ya petulo imapanikiza pafupi fupi theka la pamenepo. Tsono taonani kuti zitsulo za injini ya dizilo zimasenza katundu wolemera.

Koma cacikuru ndi mwaye. Dizilo poyaka amasiya mwaye wambiri, monga nyali ya koloboyi imadetsa denga, ndipo wina umatsikira mu oilo. Mulinso sulufule pang'ono mu dizilo, amene akapsa nasakanizika ndi cinyezi amasanduka asidi wodya zitsulo. Cifukwa cace opanga oilo wa dizilo amathiramo mankhwala ambiri a mitundu iwiri. Ena amagwira mwaye kuti uziyandama, monga sopo agwira litsiro m'madzi, kufikira tsiku lokhetsa. Ena amapha asidi uja. Oilo wopangira injini ya petulo yokha ali nao mankhwalawa pang'ono, motero amatopa msanga, mwaye umaundana, ndipo phala lija limayamba. Nanga wa m'mgolo wopanda dzina? Kawiri kawiri amakhala wakale, wokhetsedwa m'galimoto ina, wongosefa pa nsaru.

Mungamdziwe bwanji oilo woyenera? Werengani pa cigubu, kapena itanani mwana wa sukulu akuwerengereni. Funani mau akuti API, ndilo bungwe la ku America loyesa oilo. Patsogolo pace pali zilembo. Zikayamba ndi S, monga SL kapena SN, ngwa petulo. Zikayamba ndi C ngwa dizilo, monga CH-4 amene anaturuka mu 1998, CI-4 wa mu 2002, ndi CK-4 wa mu 2016. Zigubu zambiri ziri ndi zonse ziwiri, monga CI-4/SL, ndipo ameneyo muthire osaopa. Mukaona S yekha, msiyeni pa shelefu, ngakhale wogulitsa alumbire.

Manambala monga 15W-40 ndi nkhani ina. Iwo sanena za dizilo kapena petulo, anena za kulimba kwa oilo, nambala yoyamba pozizira, yaciwiri injini itatentha. Apa mpamene anzathu ambiri amagwa. Amati oilo wolimba ndiye wamphamvu, ndipo ndinamvapo wina akudzitama kuti anathira SAE 90 mu injini kuti ileke kufuka utsi. Ameneyo ngwa giyabokosi, fungo lace lokha likuuzani. M'mawa wa mwezi wa June ku Dedza oilo wotere amayenda monga uci, ndipo pamene afika pamwamba zitsulo zakhala zikukhulana zouma. Wa njinga yamoto wolembedwa 2T nayenso asayandikire. Galimoto zambiri zakale za dizilo, mathirakitala ndi injini za cigayo zimakondwa ndi 15W-40, koma buku la makina anu ndilo liri ndi mau otsiriza. Maka maka inu amene mwagula galimoto zatsopano zokhala ndi sefa ya mwaye ku paipi ya utsi, izo zifuna oilo wace wace wosasiya phulusa lambiri, ndipo wina ali yense amaitseka sefayo pang'ono pang'ono.

Kapena wina akuwerenga izi mtima uli phaphapha cifukwa dzulo lomweli wathira oilo wa petulo. Musataye mtima. Kuonjezera kamodzi pa ulendo sikupha injini, ndipo nkwabwino koposa kuyenda oilo atacepa. Mukafika kwanu khetsani injini ikali yofunda, sinthani sefa, thirani woyenera. Koma ngati munathira wa giyabokosi, musailize konse kufikira mutakhetsa. Nyali yofiira ya oilo ikayaka pa mseu, zimitsani pomwepo. Musati ndingofika pa sitolo paja.

Cina cimene cimasokoneza anthu ndi ici: oilo wabwino wa dizilo amada msanga, mwina masiku awiri okha. Ena amakwiya nati anagulitsidwa wabodza. Iai, kuda kumeneko ndiko kugwira nchito kwace, wanyamula mwaye. Coopsa ndi oilo wotuwa monga tiyi wamkaka, pakuti mwalowa madzi, kapena oilo amene akucuruka yekha pa kacitsulo koyesera nanunkha dizilo. Mukaona zimenezi pitani kwa amakaniki. Eni cigayo ndi thirakitala, lembani maola a nchito m'kabuku. Makina ambiri otere afuna kukhetsa pa maola 250, ndipo nyengo yokolola maola amenewa sacedwa kukwana.

Wakale uja musamtaye m'munda, kufupi ndi citsime kapena m'dambo, ndipo musapake ng'ombe pa zironda monga ndaona ena akucita. Msungeni m'cigubu cotseka kumene ana safikako.

Bambo aja mtedza wao unapita ku msika pa ngolo yobwereka, maulendo anai, ndipo akuti agulitsa ng'ombe imodzi kuti injini ikonzedwe mvula isanagwe. Mphwao ndamlembera zilembo zija pa kapepala kuti aziyenda nako m'thumba. Mlungu wamawa, tikakhala moyo, tibwerera ku nkhokwe.

Ndine wanu,
MLANGIZI