Timu yamphamvu isaope kugula, koma igule mwanzeru

Chaka chilichonse, ligi ya hockey yoseweredwa pa madzi oundana ya NHL ku America ndi Canada ikamayandikira ndime yachipulula, msika wa osewera umatsekedwa, nthawi zambiri chakumapeto kwa February kapena kumayambiriro kwa March. Apa akuluakulu a matimu amene ali pamwamba sagona tulo. Kodi timu yomwe ikuchita bwino kale iyenera kusinthanitsa osewera, kapena ingosiya zinthu momwe zilili?

Ena amati mphika ukamawira bwino suyenera kuvundukulidwa. Koma zomwe zidaonekera Tampa Bay Lightning mu 2019 zikutsutsa maganizo otere. Timuyi idapambana masewero 62 mwa 82, akuluakulu ake sadaone chifukwa chogulira wosewera aliyense, ndipo m'ndime yoyamba yomwe Columbus Blue Jackets idaikwapula masewero anayi otsatizana. Masapota adangoti kukamwa yasa.

Chaka chotsatira Tampa Bay idaphunzirapo. Idatenga Blake Coleman kuchokera ku New Jersey ndi Barclay Goodrow kuchokera ku San Jose. Awa sadali mayina ogwedeza dziko, koma anyamata olimbikira, osaopa kugundana ndi adani, oteteza timu ikakhala ndi wosewera kunja chifukwa cha chilango. Chikho cha Stanley Cup chidapita ku Tampa mu 2020, nkubwereranso komweko mu 2021. Colorado Avalanche idachita zofananazo mu 2022 potenga Artturi Lehkonen, yemwe adadzagoletsa chigoli chomwe chidapatsa timuyi chikho.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Kuti timu itenge chikho iyenera kupambana masewero 16 m'ndime zinayi, ikukumana ndi mdani yemweyo mpaka kasanu ndi kawiri. Osewera amavulala, ena amatopa, ndipo mdani amakhala ndi nthawi yofufuza pomwe pali pofooka. Timu yopanda oonjezera imagwa ngakhale idawala nyengo yonse.

Komabe kugula kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi timu ya mawa. Boston Bruins mu 2023 idaswa mbiri popambana masewero 65 ndi kupeza mapointi 135. Idaonjezera Dmitry Orlov, Garnet Hathaway ndi Tyler Bertuzzi, nkupereka mwayi wake wosankha achinyamata m'ndime yoyamba ya draft wa zaka ziwiri. Zotsatira zake? Florida Panthers idaitulutsa m'ndime yoyamba, pomwe Boston idali itatsogola kale ndi masewero atatu kwa amodzi. Atatu onsewo adachoka nyengo itangotha. Pofika mu 2025 Boston idali italowa pansi moti idagulitsa kaputeni wake Brad Marchand ku Florida komweko, ndipo mkuluyu, ali ndi zaka 37, adakathandiza Panthers kugonjetsa Edmonton Oilers nkuteteza chikho.

Nanga Boston idalakwa? Ayi. Timu yomwe akatswiri ake akukalamba, monga adalili Patrice Bergeron chaka chimenecho, ilibe mawa oti iwadikire, ndipo kusunga achinyamata pamene chikho chili pafupi nkudzinamiza. Cholakwika chimakhala kugula dzina pofuna kusangalatsa masapota, osati kutseka mpata weniweni. Mkulu wa timu afunse kaye mphunzitsi kuti pakudontha ndi pati: kumbuyo, pagolo kapena mzere wachitatu wa omwetsa zigoli. Akapeza yankho agule, ngakhale mtengo uwawe. Ngati mphunzitsi sakutha kuloza mpata, foni za matimu ena zingolira osayankhidwa mpaka msika utatsekedwa.