Piritsi silitsuka mitsempha ndudu ikadali pakamwa

Pali bodza limene likuyenda pa WhatsApp kuno ku Mchinji, ndipo landikwana. Akuti kuli mabotolo a mavitamini "otsuka magazi", ukamamwa ukhoza kumasuta fodya mtima uli m'malo. Ogulitsa ndi anzathu omwe tinali nawo pasukulu. Ogula ndi anyamata a kabaza pa Kamwendo, osintha ndalama paboda, ngakhale aphunzitsi amene. Ndinena mosapsatira: uku n'kudyera anthu masuku pamutu.

Taonani zimene utsi umachita. M'kati mwa mtsempha uliwonse wa magazi muli kakhungu kopyapyala kamene kamathandiza mtsemphawo kutambasuka magazi akafuna kudutsa ambiri. Utsi umawononga kakhungu kameneka. Nicotine amafinya mitsempha, mtima n'kumagunda mothamanga. Carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba, umalanda malo a oxygen m'magazi. Kenako mafuta amayamba kumatirira m'mitsempha, njira n'kumachepa. Mapeto ake ndi matenda a mtima, sitiroko, ndiponso, achimwene, kugwa mumpapaya, poti nakonso kumeneko ntchito imayendera magazi.

Ndiye piritsi likonza zonsezi ndudu ikufukabe? Madokotala anayesa kale. Ku Finland anatsatira amuna osuta oposa 29,000, ena n'kumawapatsa vitamini E, ena beta-carotene. Zotsatira zinatuluka mu 1994: vitamini E sanachepetse khansa ya m'mapapo, ndipo mwa omwe ankamwa beta-carotene khansayo inachuluka ndi 18 peresenti. Kafukufuku wina wofanana naye ku America anamuimitsira panjira mu 1996 ataona zomwezo.

Ogulitsa ochenjera akuuzani za kafukufuku wa ku Ohio State University wa mu 2013, woti mtundu wina wa vitamini E, gamma-tocopherol, unathandiza mitsempha ya anthu osuta. N'zoona, koma amabisa mbali yofunika. Anthuwo anali pafupifupi 30 basi, anawatsatira masiku 7 okha, ndipo onse anali atasiya kusuta. Mitsempha inayamba kuchira ngakhale mwa amene sanalandire vitaminiyo. Iye anangowonjezerapo pang'ono. Komanso gamma-tocopherol ameneyu amapezeka mu mtedza ndi mafuta a soya. Mtedza ndi soya, anthuni! Mbewu zimene timalima tokha kuyambira ku Mkanda mpaka ku Kapiri, timagulitsa motchipa kwa mavenda, kenako n'kukagula botolo la ndalama zankhaninkhani.

Chimene chimachiritsa n'chaulere, n'chifukwa chake palibe amachitsatsa. Bungwe la WHO limati ukasiya kusuta, pakatha mphindi 20 kugunda kwa mtima ndi BP zimayamba kutsika. Pakatha maola 12 carbon monoxide uja amabwerera mwakale. Pakati pa milungu 2 ndi 12 magazi amayamba kuyenda bwino. Chikatha chaka, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika ndi theka poyerekeza ndi munthu amene akusutabe. Ndi botolo liti lingalonjeze zimenezi popanda kunama?

Ndikudziwa chimene ena anene: "Iwe, fodya ndi amene wamanga Mchinji." Sindikana. Fizi yanga ya kuyunivesite inachokera m'chigafa cha bambo anga. Koma fodya wathu wambiri amapita ku okushoni n'kutuluka kunja, chuma cha dziko sichidalira mapapo a inu ndi ine. Kusuta chingambwe si kukonda dziko. Boma lenilenilo linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Sindikuti kusiya n'kophweka. Chibaba chimavuta kwambiri mlungu woyamba: mutu, ukali, kusowa tulo. Koma chimazilala milungu ikamapita. Choopsa cha mabotolowa n'chakuti amagonetsa mantha amene akanamuthandiza munthu kusiya. Amamwa piritsi m'mawa, madzulo n'kuyatsa ndudu ina akudzitonthoza kuti watsuka.

Anzanga ogulitsa, ndikudziwa kuti ntchito kulibe. Koma musauze munthu wosuta kuti botolo limuteteza. Ndipo inu osuta, sankhani tsiku, muuze akunyumba ndi anzanu, mutaye machesi. Pitani kuchipatala akakuyezeni BP. Ndalama ya botolo ija mugule magwafa, tomato ndi nsinjiro zothira m'nkhwani. Zina zonse mitsempha yanu ichita yokha, bola utsi uleke.