Mapasa obadwa masiku osakwana: Chifuwa chimodzi sichikwanira

Mayi akabereka mapasa, mbiri imawanda msanga pamsika ndi kutchalitchi, ndipo anthu amathamangira kukaona dalitso lobwera pawiri. Koma nthawi zambiri dalitsoli limafika masiku asanakwane. Madotolo akuti mapasa ochuluka, mwina theka kapena kuposerapo, amabadwa mimba isanakwanitse masabata 37, pomwe mimba yokhwima imatenga masabata pafupifupi 40.

Apa mpomwe pamayambira ntchito yomwe ambiri odzaona makanda saidziwa. Zipatala za m'dziko muno zapita patsogolo populumutsa ana oterewa m'masiku oyambirira. Funso lomwe latsala ndi lakuti mayi akatuluka m'chipatala ndi tiana tiwiri tosaposa makilogalamu awiri kalikonse, ndani amamuthandiza kusenza katunduyo?

Vuto la dziko lonse

Kubadwa masiku osakwana si nkhani yachilendo kuno. Lipoti la Born Too Soon lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organisation lidatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena m'chaka cha 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse, pomwe ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa nthawi isanakwane. Ziwerengero zina zomwe zidatuluka mu 2023 zidasonyeza kuti m'chaka cha 2020 chiwerengerochi chidali pa ana pafupifupi 15 mwa 100 alionse, ndipo dziko la Bangladesh lokha ndilo lidali pamwamba pa Malawi.

Zina mwa zomwe zimachititsa izi ndi malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, matenda opatsirana pogonana, kutenga pakati msungwana akadali wamng'ono ndiponso kukhala ndi pakati pa ana awiri. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti asungwana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera. N'chifukwa chake kuyamba sikelo msanga, kugona m'neti ndi kumwa mankhwala oteteza ku malungo ndi oonjezera magazi kuli kofunika kwambiri, makamaka kwa mayi yemwe wauzidwa kuti ali ndi mapasa. Mayi wotere amalangizidwa kukachilira kuchipatala chachikulu, ndipo ngati amakhala kutali ndi bwino apite kuchidikiro nthawi ikadalipo.

Njira ya kangaroo

Mdani wamkulu wa khanda lobadwa masiku osakwana ndi kuzizidwa. Thupi lake limakhala lopanda mafuta okwanira, choncho limataya kutentha msanga, ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Yankho lomwe zipatala zambiri zimadalira ndi njira ya kangaroo, pomwe khanda limavala thewera, chipewa ndi masokosi okha n'kuligoneka pakati pa mabere a mayi, khungu kwa khungu, kenaka n'kulimanga bwino ndi chitenje.

Njirayi idayambira mumzinda wa Bogota m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, pomwe dotolo wina, Edgar Rey, adaona kuti makina ofunditsira makanda akuchepa. Kuno kwathu idayambira pachipatala cha Zomba Central mu 1999, ndipo kuchokera apo idafalikira m'zipatala za m'maboma ndi zamishoni.

Poyamba khanda linkadikira kuti liyambe lapezako bwino m'nazale lisanaperekedwe pachifuwa cha mayi. Izi zidasintha potsatira kafukufuku yemwe adachitika m'maiko a Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, momwe chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre chidatenga nawo mbali. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2021, zidaonetsa kuti mwa makanda olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8 omwe adaikidwa pachifuwa atangobadwa, 12 mwa 100 alionse adamwalira m'mwezi woyamba, poyerekeza ndi pafupifupi 16 mwa omwe adayamba adikira. Mu Novembala 2022, bungwe la WHO lidalangiza kuti kangaroo iziyamba khanda likangobadwa ndipo izichitika maola 8 mpaka 24 patsiku.

Anthu amakonda kunena kuti kangaroo ndi njira yotsika mtengo, ndipo n'zoona pa mbali ya chipatala, poti siifuna magetsi kapena makina. Komabe mtengo wake ulipo, ndipo amaulipira ndi mayi kudzera m'thupi lake, tulo take ndi nthawi yake. Mayi wa mapasa amaulipira kawiri. N'zotheka kumanga ana onse awiri pachifuwa chimodzi akadali aang'ono kwambiri, koma palibe munthu yemwe angatero usana ndi usiku kwa masabata angapo, akugona motsamira, mwinanso ali ndi bala la opaleshoni.

Malangizo a zaumoyo amanena momveka bwino kuti bambo, agogo, azakhali kapena wachibale aliyense wathanzi ndi waukhondo angathe kuika khanda pachifuwa chake. Chifuwa cha mwamuna chimafunditsa chimodzimodzi ndi cha mkazi. Chomwe chimatsekereza ndi maganizo akuti za chikuta n'za amayi okhaokha, komanso manyazi oopa kusekedwa ndi anzawo a pabawo.

Masamu a kuyamwitsa

Ntchito yachiwiri ndi kudyetsa. Khanda limayamba kutha kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana likafika cha m'ma sabata 34 kuwerengera pomwe mimba idayambira. Lobadwa nthawiyi isanafike nthawi zambiri silitha kukoka bere, choncho mayi amafinyira mkaka wake m'kapu yoyera n'kulimwetsa pang'onopang'ono, kapena anamwino amadzeretsa mkakawo m'kapaipi kolowera m'mphuno mpaka m'mimba.

Popeza kamimba kake n'kakang'ono, khanda lotere limafunika kudya maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ndipo likagona limadzutsidwa. Ngati ndi maola atatu alionse, mwana mmodzi amadya ka 8 patsiku, mapasa ka 16. Ngati ndi maola awiri alionse, mayi wa mapasa amadyetsa ka 24. Kuphatikizapo kufinya, kutsuka makapu ndi kuchapa matewera, n'zoonekeratu kuti nthawi yotunga madzi, kuphika kapena kukhala pabenchi yogulitsira tomato palibe.

Apa mpomwe pamabwera mawu ofooketsa akuti mabere awiri sangakhutitse ana awiri. Akatswiri akuti thupi la mayi limapanga mkaka molingana ndi momwe ukuchotsedwera, kotero mayi yemwe akuyamwitsa kapena kufinya pafupipafupi angathe kukwanitsa mapasa. Ana akalimba, angathe kuwayamwitsa nthawi imodzi, wina bere ili wina ilo, n'kumawasinthanitsa kuti mabere onse azitulutsa mofanana. Chomwe mayiyo amasowa ndi chakudya chokwanira cha magulu onse asanu ndi limodzi, madzi akumwa ambiri, mpumulo ndi munthu womupatsira mwana wachiwiri.

Kumwetsa khanda madzi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala azitsamba n'koopsa kwa mwana aliyense wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, koma kwa wobadwa masiku osakwana kungathe kupha, poti matumbo ake amakhala asanakhwime. Mkaka wa m'chitini nawo, kupatula pomwe achipatala alamula, umadya ndalama zambiri, ndipo mabanja ena amausungunula mopitirira muyeso kuti ukhalitse, zomwe zimanyentcheretsa ana. Amayi omwe ali ndi HIV amalangizidwa kupitiriza kumwa ma ARV mokhulupirika kwinaku akuyamwitsa mwakathithi.

Chodetsa nkhawa n'chakuti kuyamwitsa mwakathithi kudabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wa boma adaonetsa kuti mu 2010 ana 71 mwa 100 alionse osakwana miyezi isanu ndi umodzi ankayamwa bere lokha, koma pofika 2015 mpaka 2016 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 61.

Tchuthi chimatha ana asanakhwime

Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kusintha komwe kudachitika mu 2021 kudaonjezerapo masabata awiri a abambo. Koma taganizirani mayi yemwe wachira mimba ili ndi masabata 32. Masabata 8 akamatha, ana ake amakhala akungofika kumene pa tsiku lomwe amayenera kubadwa. Akubwerera kuntchito kusiya makanda omwe, kunena zoona, ali ngati a tsiku limodzi.

Kwa amayi ochuluka a m'matauni ang'onoang'ono monga Mponela, Lunzu, Jenda kapena Thondwe, ngakhale masabata 8 amenewo kulibe. Wogulitsa mandasi kapena kaunjika akakhala pakhomo, ndalama imaima tsiku lomwelo, pomwe ngongole ya kubanki m'khonde ikudikira. Pamwamba pa izi pali ndalama ya kabaza kapena minibasi yobwerera kuchipatala kukayezetsa ana pasikelo, ulendo womwe kwa mapasa umafuna anthu awiri. Mabanja akalephera ulendowu, mavuto monga kusakwera kwa sikelo amadziwika mochedwa.

Kuwerenga kuli ndi gawo lake

Pali chida china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, chomwe ndi kuwerenga. Choyamba ndi kuwerenga mabuku a kuchipatala a anawo. Mwana aliyense ali ndi buku lake, sikelo yake, muyeso wake wa mkaka ndi tsiku lake lobwerera, ndipo kwa mayi wosagona n'kosavuta kusokoneza. Khanda lomwe likukula bwino limaonjezera pafupifupi magalamu 15 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza kuti la kilogalamu imodzi ndi theka liyenera kukwera ndi magalamu oposa 150 pasabata. Banja lodziwa nambalayi lingathe kufunsa mafunso oyenera kwa namwino.

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapezanso kuti amayi 72 mwa 100 alionse ndiwo ankatha kuwerenga. Choncho m'makomo ambiri pafunika wina, kaya bambo kaya mwana wa sukulu, yemwe angasunge kope lolembamo nthawi yomwe mwana aliyense wadya ndi kuwerengera mayi zomwe adotolo alemba. Ndi bwinonso kudziwa kuti katemera amatsata tsiku lomwe mwana adabadwa, koma pa za kukula monga kukhala pansi ndi kukwawa, amachotserapo masabata omwe adafulumira. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi yemwe adabadwa miyezi iwiri isanakwane amayerekezedwa ndi wa miyezi inayi, ndiye palibe chifukwa chodandaulira kuti akutsalira kwa ana a oyandikana nawo nyumba.

Chachiwiri ndi kuwerengera makandawo. Mwana amayamba kumva mawu akadali m'mimba, ndipo wobadwa msanga amataya masabata omwe akadakhala akumvera mawu a mayi ake ali m'kati. Kafukufuku wochepa yemwe adachitika ku Rhode Island m'dziko la America, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2014, adapeza kuti makanda obadwa masiku osakwana omwe ankamva mawu ambiri a akuluakulu ali m'nazale ankachita bwino pa chilankhulo ndi nzeru atafika miyezi 7 ndi 18.

Izi sizifuna mabuku odula. Baibulo, Korani, nyuzipepala yakale kapena buku la Chichewa la mwana wa Sitandade 4 n'zokwanira, bola mawu akhale otsika, poti phokoso limatopetsa makanda oterewa. Yemwe satha kuwerenga angathe kusimba nthano kapena kung'ung'udza nyimbo. Phindu lina limapita kwa mayi mwini. Maola a kangaroo ndi aatali, alendo amaletsedwa kuchuluka poopa chimfine, ndipo kusungulumwa pamodzi ndi mantha kumagwetsa amayi ena m'matenda a nkhawa atachira. Tsamba limodzi lowerenga yekha, kapena lomuwerengera mwamuna wake yemwe wafungata mwana winayo, limamukumbutsa kuti sadatayidwe.

Zofunika kusintha

Pali zizindikiro zomwe aliyense pakhomo ayenera kuzidziwa, osati mayi yekha. Khanda likazizira mapazi ndi pamimba, likakana kudya, likamapuma mothamanga kapena kudukiza kupuma, likachita chikasu, likakomoka kapena pamchombo pakatuluka mafinya, lipite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, lili pachifuwa. Utsi wa mbaula ndi wa fodya usafike m'chipinda momwe muli anawo, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanawagwire.

Kwa opanga malamulo, nkhani ya tchuthi chotalikirapo kwa amayi obereka masiku osakwana kapena mapasa ndi yoyenera kuiunika. Zipatala nazo zikamaphunzitsa kangaroo zisamatulutse mayi zisanaphunzitsenso munthu wachiwiri wa pabanjapo, ndipo alangizi a zaumoyo adziwitsidwe msanga za khomo lomwe kwafika makanda otere.

Koma gawo lalikulu lili m'manja mwa abale, mipingo ndi magulu a amayi. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mphatso ya chitenje ndi sopo ndi yabwino, koma yoposa ndi kutunga madzi, kuphika nkhomaliro, kukhalira mayiyo pabenchi yake tsiku la msika, kapena kumulandira mwana mmodzi kwa maola atatu kuti agoneko. Dziko limakumbukira ana obadwa masiku osakwana m'mwezi wa Novembala chaka chilichonse, koma kwa mayi wa mapasa thandizo limafunika lero, nthawi ya 2 koloko usiku, ana onse awiri akadzuka ndi njala.