Mlimi, malata si nyumba: yambirani pansi

Ikakwana nyengo yogulitsa thonje ndi mpunga, pa Golomoti ndi pa Mtakataka pamadutsa njinga ndi ngolo zitasenza malata. Mlimi akangolandira ndalama zake amathamangira kusitolo, ndipo akafika kumudzi anthu amati bamboyu tsopano watukuka.

Palibe cholakwa kufuna nyumba yamalata. Udzu wofolera ukusowa, ndipo kufolera chaka ndi chaka nkotopetsa. Koma alimi anzanga, ine ndikuti ambiri tikuyamba nyumba ndi kumutu. Ndalama zikathera kudenga, maziko amakumbidwa mongopalasa, khoma limamangidwa ndi matope okhaokha, ndipo pakangotha dzinja ziwiri mng'alu umayamba kuchokera pazenera mpaka pansi. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Tiyambe ndi malo. Dera lathuli lili kunsi kwa mapiri a Dedza, choncho mvula ikagwa kumtunda madzi ake amatsikira kuno mwaliwiro, ngakhale kuno kusadagwe dontho. Mitsinje ngati Livulezi, Namikokwe ndi Bwanje ikadzaza simapempha njira. Nayo nyanja simakhala malo amodzi. M'chaka cha 2024 madzi ake adakwera kwambiri nkulowa m'nyumba zomwe anthu adamanga kufupi ndi gombe m'maboma a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi.

Musanakhome chikhomo choyamba, funsani agogo a m'mudzimo pomwe madzi adalekezera chaka chomwe adasefukira kwambiri. Safunsa adadya phula. Ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902 adamanga pamtunda, osati kudambo, ndipo mishoniyo ilipo mpaka lero. Malo a kudambo ngabwino kumpunga, koma munthu si mpunga.

Chachiwiri ndi dothi. Mbali zambiri za chigwa chino kuli makande. Dothi limeneli limafufuma likamwa madzi ndipo limang'aluka m'chilimwe. Nyumba yokhala pamakande imakankhidwa m'dzinja nkutsitsidwa m'chilimwe, chaka ndi chaka, mpaka khoma litatopa. Pamalo otere musalole mmisiri kukumba ngalande yofika m'bondo basi. Akumbe mpaka apeze dothi lolimba, ngakhale zitafika mita imodzi. Pansi pake athire konkire, ndipo njerwa za m'maziko zimangidwe ndi simenti. Mazikowo atuluke pamwamba pa nthaka masentimita 30 kapena 45 kuti madzi oyenda pabwalo asanyambite khoma, ndipo pamwamba pake payalidwe pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyezi kukwera.

Chachitatu ndi chomwe achinyamata ambiri sadachione. Pa 10 March 1989 chivomezi chachikulu chidagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo, kuphatikizapo Dedza. Anthu osachepera 9 adafa ndipo pafupifupi 50,000 adasowa pokhala. Mu December 2009 chidachitikanso ku Karonga. Izi sizidachitike mwangozi. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chomwe nthaka yake idang'ambika kalekale, ndipo mapiri omwe timakwera popita ku Dedza kudzera ku Khwekhwerere ndi m'mphepete mwa mng'alu umenewo. Chivomezi chidzabweranso, tsiku lokha ndiye palibe akulidziwa.

Chivomezi chikabwera, makoma amayamba kulekana m'makona. Mankhwala ake ndi lamba wa konkire, yemwe amisiri amati ring'i bimu, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, wokhala ndi zitsulo zinayi m'kati. Lambayu amamanga makoma onse kukhala chinthu chimodzi, monga luzi limangira mtolo wa nkhuni. Onjezani waya wa bulikifosi pa mizere itatu kapena inayi iliyonse ya njerwa, ndipo zenera kapena chitseko zisayandikire kona kuposa masentimita 60. Chitachitika chivomezi cha ku Karonga, boma lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba mu 2010, ndipo nkhani ya maziko abwino ndi lamba ili pakati pa malangizowo.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Ati simenti njodula, ndipo malata ukapanda kugula lero mawa akwera mtengo. Nzoona. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene adasunga ndalama pansi pa mphasa adalira. Malata sawonongeka akasungidwa pouma, pomwe simenti ikakhalitsa imagwirana nkusanduka mwala. Choncho kugula malata msanga si uchitsiru.

Vuto limabwera pomwe mlimi wagula malata a nyumba ya zipinda zisanu pamene mthumba mwatsala ndalama za maziko a zipinda ziwiri. Apa mpomwe amayamba kuuza mmisiri kuti thumba limodzi la simenti likwane mawilibala asanu ndi limodzi a mchenga, pomwe pomangira njerwa thumba la makilogalamu 50 liyenera mawilibala atatu. Maganizo anga ndi akuti chepetsani nyumba, musachepetse simenti. Mangani zipinda ziwiri zolimba chaka chino, musiye mano a njerwa kumbali yomwe mudzawonjezere, ndipo mukakolola chaka chamawa muwonjezere china. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ngati simenti yachepa ndithu, iikeni m'malo atatu: m'maziko, m'makona ndi mulamba. Pansi mukhoza kuzira kaye, pulasitala akhoza kudikira. Koma maziko sabwerezedwa nyumba itaima.

Za njerwa nazo tikambirane. Uvuni umadya mitengo yambiri, ndipo mitengo ya m'mapiri a Mua ndi Livulezi ndi yomwe imachepetsa liwiro la madzi otsikira m'minda mwathu. Tikaidula kuti tiwotche njerwa, tikuitana madzi omwe adzagwetse nyumba yomweyo. Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Mlimi womanga yogonamo ali ndi njira zinanso: mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pamakina, ngakhale zidina zoumbidwa bwino. Zidina zimakhalitsa ngati zakhala pamaziko okwera komanso pansi pa denga lotuluka bwino. Mdani wa chidina ndi madzi.

Mukaumba mabuloko, athirireni madzi masiku 7 ali pamthunzi, ndipo musawamangire asanakhwime. Kutentha kwa kuno m'miyezi ya October ndi November kumaumitsa simenti isanagwire. Mchenga ukhale wakumtsinje, wokhakhala ndi wopanda matope. Kuti muuyese, thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, nkuusiya ukhazikike. Matope akachuluka pamwamba pa mchengawo, kafuneni wina.

Tsopano tifike kudenga kuja. Mphepo yoyamba ndi mvula yasasula masukulu ndi matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo mwala kapena njerwa zosanjika pamalata siziletsa kanthu. Mitengo ya denga imangiriridwe kulamba ndi waya wokhuthala yemwe adamizidwa m'konkire pothira. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Malata atuluke kunja kwa khoma pafupifupi masentimita 60, ndipo khonde likhale ndi denga lakelake kuti mphepo ikalinyamula isatenge ndi nyumba yomwe. Pogula malata dziwani kuti nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala: geji 28 imaposa geji 32. Mitengo yonse ipakidwe mankhwala a chiswe isanakwere.

Mmisiri musamupatse ndalama zonse poyamba. Pitani mukaone nyumba yomwe adamanga zaka zitatu zapitazo, mufunse mwini wake. Gwirizanani mtengo wa gawo lililonse, maziko, khoma mpaka palamba, kenaka denga, ndipo mulembe papepala pamaso pa mboni. Tsiku lothira konkire inu mwini mukhalepo, muwerenge matumba omwe atsegulidwa.

Mutu umodzi susenza denga. Makalabu a alimi ndi mabanki a m'mudzi omwe amagula feteleza pamodzi angathenso kugula chikombole cha mabuloko, kubwereka ngolo yotuta mchenga ndi kuthandizana kukumba maziko, nyumba ino chaka chino, inayo chaka chamawa. Mafumu athu a kwa Kachindamoto nawo atithandize posagawa malo omanga m'njira za madzi, ngakhale wopemphayo akhale mbale.

Thukuta la munda wa thonje ndi lowawa. Chaka chino musanapite kusitolo ya malata, khalani pansi ndi akunyumba, muwerenge matumba a simenti omwe maziko ndi lamba zifune, ndipo zotsalazo ndi zomwe zikuuzeni kukula kwa nyumba yanu.