Kutchena kwathu kukusiya chiyani m'nyanja?

Ndani m'Malawi muno sadziwa kuti munthu wa ku Nkhata Bay satuluka m'nyumba asanadziyang'ane bwinobwino? Mbiri imeneyi ndi yakale. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, anyamata a kuno anaphunzira msanga n'kuyamba maulendo a ku Halale ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo. Obwerako ankatsika ndi suti imodzi, mwina ziwiri. Koma suti imeneyo inkakhala zaka zingati? Inkasitidwa ndi simbi ya makala n'kusungidwa m'bokosi. Kolala wa shati akaperepeseka, telala wa pakhonde la sitolo ankamusomola n'kumutembenuza. Nanga shati imene tagula mwezi uno ifika Khirisimasi?

Tisanamizane, kutchena si tchimo. Amene anaonerapo malipenga amadziwa ulemu umene uli mu kabudula wosita, masokosi ofika m'mawondo ndi nsapato zonyezimira. Dziko lino linalawapo kale boma losankhira anthu zovala, pamene lamulo la 1973 linaletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo palibe amene akulilira masiku amenewo. Nkhani yathu ili pa kuchuluka kwa zimene tikugula, ndi kumene zikupita tikatopa nazo.

Imani pa Mpamba kapena pa Chintheche tsiku la msika, muone belo la kaunjika likamadulidwa. Manja amalimbirana zapamwamba, zabwinozo zimatha dzuwa lisanakwere. Madzulo pamphasa pamatsala zoboola, zothimbirira, ndi majuzi ochindikala amene sangavalike m'kutentha kwa kunyanja. Wogulitsa analipira belo lonse, zinyalala zomwe. N'chifukwa chiyani mayi wa pa Kande azilipira ndalama yake yolowa movutikira kuti atayire anthu a ku Ulaya ndi ku America zimene iwo eni zawakwana? Ndipo akazitaye kuti? Ndani anaonapo galimoto yotola zinyalala ku Usisya, kumene ngakhale anthu amadalira Ilala ndi maboti msewu wa m'phiri ukavuta? Zotsalazo zimatenthedwa kuseri kwa nyumba kapena kuponyedwa m'khwawa, ndipo mvula ikagwa khwawa limakatula kunyanja.

Zambiri mwa zovala zotchipazi n'za polyester ndi nayiloni, ndiye kuti pulasitiki wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Siziola ngati thonje. Tikamazichapa zimathothoka timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo ofufuza apeza timaulusi totere m'mimba mwa nsomba za m'nyanja zambiri padziko. Kuno timachapira m'nyanja momwemo, pamchenga pamene pamakocheza mabwato. Kodi alipo amene akuyeza usipa ndi batala amene tikudyera kondowole? Ku Accra m'dziko la Ghana, zotsala za msika wa Kantamanto zaunjikana m'ngalande mpaka kukwirira mchenga wa m'mphepete mwa nyanja. Tidikira kuti mchenga woyera wa pa Kande ufike pamenepo?

Ena anena kuti ingoletsani kaunjika. Rwanda inakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, ndipo America inailanga mu 2018 poichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa ndondomeko ya zamalonda ya AGOA. Ife sitikupempha chiletso. Kaunjika waveka ana amene akanayenda ndi nsanza, walipira fizi, wamanga nyumba za malata. Koma bwanji boma likulola mabelo odzaza zosavalika kulowa m'dziko? Thonje la ku Balaka, Salima ndi Chikwawa likuveka yani, pamene zitenje zambiri pamsika n'zochokera ku Tanzania ndi ku China? Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene tsopano ili m'manja mwa kampani ya Mapeto, inkaveka dziko. Tinaisiyiranji kulimbana yokha ndi nsalu zakunja?

Si zovala zokha: za majumbo nazonso n'zochititsa manyazi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma patapita zaka tomato ndi usipa wouma zinkakulungidwabe m'jumbo. Dengu linalakwanji? Linayamba liti kuoneka lachimidzimidzi m'manja mwa mtsikana wovala bwino?

Pali chinthu chimodzi chimene sitingavomere: kuti mlendo wobwera pandege, wogona kuloji ya m'mphepete mwa nyanja, aziphunzitsa msodzi wa malaya atatu kukhala moyo wosalira zambiri. Msodziyo ali kale m'moyo umenewo, ndipo sanachite kusankha. Zimene anthu a kuno amalandira ndi zimene zikuwapepukitsira moyo. Mbaula ya Changu Changu Moto, imene bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya linafalitsa m'boma lino, ndi ya njerwa ndi dothi basi, ndipo imadya nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi mafuwa. Amayi anailandira chifukwa maulendo a kunkhuni anachepa, ndipo ambiri amaizira mosamala mpaka khitchini kukongola. Ngati zinatheka kukhitchini, zikukanikiranji pa zovala?

Choncho mafunsowa akupita makamaka kwa ife a malipiro a pamwezi, a mabizinesi, ndi olandira ndalama za achibale a ku Joni. Ndife amene timasoketsa yunifolomu yatsopano pa chinkhoswe, ina pa ukwati, ina pa msonkhano wa kumpingo, iliyonse yovala tsiku limodzi chifukwa yaonekera kale pa Facebook. Tinapita liti komaliza kwa telala ndi diresi yoti aibweze, kapena thalauzi loti asinthe zipi? Khonsolo ya Nkhata Bay, imene imatolera ndalama za msika tsiku lililonse, ikonza liti malo otayirako nsanza ndi mapulasitiki pamisika imeneyi? Ndipo komiti ya ukwati wotsatira ikakhala pansi kusankha nsalu, ndani mwa ife adzakweze dzanja n'kunena kuti aliyense abwere ndi chitenje chimene ali nacho kale?