Kalata Yotseguka kwa Wapampando wa Press Trust

Wolemekezeka,

Ndikulemberani ndili ku Makawa, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo ndiyamba ndi kupepesa, pakuti si mwambo wathu kuti wamng'ono atsogole kulankhula pabwalo la akulu. Koma popeza chuma chimene mukuyang'anira chinaikidwa m'manja mwa Press Trust mu 1982 kuti chipindulire mtundu wonse wa Amalawi, ndayesa kuti nkhaniyi ndi yanganso.

Mudziwa inu kuti makampani ali ndi mafuko monga anthu. Press Corporation, imene gawo lake lalikulu musunga ndinu, ili ndi mbumba yotakata, monga National Bank, TNM ndi PressCane, ndiponso Maldeco ya kwathu kuno inalowa m'banjamo mu 1989. Ndipo popeza akuluakulu a kampani yaikuluyo amakhalanso pa mabodi a ana ake, mawu onenedwa m'chipinda chimodzi ku Blantyre amamveka kubanki ndi kudooko komwe.

Chibale chotere chimapatsa kampani mphatso imene msodzi wa bwato alibe, ndiyo kudikira. Kampani ya abale olemera ikhoza kupirira chaka choonda, podziwa kuti akwawo adzaichirikiza kufikira nsomba zitaswana. Koma mlovi amene ndimamuona mbandakucha akutsika m'boti, malaya ali chinyowere, m'manja muli kabeseni ka usipa kosadzaza, sangathe kudikira, pakuti akapanda kupha lero ana agona ndi njala, ndipo n'chifukwa chake amakokera kumtunda ngakhale kasawala, chambo chimene sichinaone n'komwe msinkhu woikira mazira. Tinaona ku Malombe m'mene chambo chinazimirira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kufikira makomiti a m'madooko anayambika mu 1993, madzi atatayika kale.

Pempho langa tsono ndi ili: chibale chanucho chitumikire nyanja. Amalonda amayang'anana, ndipo kumene wamkulu waponda wamng'ono amatsata. Choncho banki ya m'banja lanu, isanabwereke ndalama mwini trola aliyense, imfunse za kukula kwa maso a ukonde wake ndi za malo amene amakokako. Ndipo makampani anu, pokhala pansi ndi eni mahotela ndi ogula nsomba a pikulitsa, apangane poyera kuti nsomba ya nyengo yotseka nyanja sadzaigula. Mukumbukirenso kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka: mbale akalakwa, chibale chisamphimbe, koma adzudzulidwe monga adzudzulidwira mwini chilimira wa kumudzi.

Mlovi uja sangaleke kasawala pa yekha, njala ili m'nyumba. Koma inu, amene nkhokwe zanu zili zambiri, mukayamba kudikira ndi kuphunzitsa anzanu kutero, mwana wake adzapeza chambo m'nyanja muno.

Ine wanu modzichepetsa,
Mwana wa kunyanja, Makawa