Moto Wowambira Nyama Umamvera Mpweya

Mwezi uno tikambirane za moto. Kuno ku Ntengo-Wambalame, zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo mbatata ya kachewere ikagulitsidwa, maukwati ndi misonkhano zimachuluka, ndipo nkhumba ndi mbuzi zimaphedwa kawirikawiri. Popeza ambiri a ife tilibe firiji, nyama yotsala timaiwamba, ena pa mbaula, ena mu mgolo woboola m'munsi ndi kuyala waya pamwamba pake.

Anthu ambiri amayesa kuti ukali wa moto uli m'kuchuluka kwa makala. Koma makala amayaka molingana ndi mpweya umene akulandira. Mukatsegula kwambiri bowo la m'munsi, moto umalusa. Mukalitseka theka ndi njerwa kapena kachidutswa ka lata, moto umafatsa ndipo makala amakhalitsa. Pamwamba vundikirani ndi lata, koma musiye mpata woti utsi uzituluka, pakuti utsi wotsekeredwa umawawitsa nyama. Musafulumire kuyala nyama makala akadali akuda. Dikirani kufikira atavala phulusa loyera, ndipo muwakankhire mbali imodzi kuti mafuta odontha asabutse malawi. Kenaka ikani chikhatho chanu pafupi ndi waya. Ngati mutha kuwerenga kufika 8 kapena 10 musanachichotse, moto uli bwino. Ngati mwachichotsa pa 3, moto umenewo ndi wootchera chimanga. Ofuna fungo la utsi aponyepo zitsononkho ziwiri kapena kankhuni kouma, osati mtengo wa paini, umene utomoni wake umadetsa nyama.

Tsono nchifukwa ninji tikulimbikira chotere? Moto waukali umanyenga maso. Umaumitsa kunja kwa nyama msanga, nkutsekera madzi m'kati, kotero kuti nthuli yooneka yakupsa imayamba kununkha patangopita masiku owerengeka. Choopsa koposa chili pa nkhumba. M'dera lino la mapiri a Angónia, kumene nkhumba zambiri zimangoyendayenda m'mudzi, masese m'nyama si achilendo. Munthu akadya masese amoyo, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali, ndipo mazira a njokayo, akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba, angathe kukakhazikika mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Utsi paokha supha masese. Chimene chimawapha ndi kutentha kofika pakati penipeni pa nthuli. Nyama imene masese akuonekera poyera isadyedwe konse, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake asanu a chakudya chotetezeka amene linatulutsa mu 2001, linanena kuti chakudya chizipsa kufika madigiri 70. Chipangizo choyezera kutentha sichipezeka m'makomo mwathu, chotero dulani nyama mopyapyala, yosaposa zala ziwiri kunenepa kwake, muziitembenuza, ndipo pomaliza mucheke nthuli yaikulu koposa pafupi ndi fupa. Madzi otuluka akhale oyera, opanda kufiira. Pophika ndiwo, nyama yowambayo iwirenso ndithu.

Kuzizira kwa June ndi July kuno tonse tikukudziwa, ndipo kumakopa munthu kulowetsa mbaula m'nyumba kuti nyama ipitirire kuuma usiku, banja likuothera. Musatero. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umagwira anthu ali m'tulo. Wambirani panja kapena pakhonde, moto ukazima ndi pamene mulowetse nyamayo ndi kuipachika pamalo podutsa mphepo.